Mafuta pansi pa nyanja: ndilembe kuti anthu avomera kapena akana?

Funso

Ndine mlembi wa komiti ya chitukuko kumunsi kwa Dedza kuno, cha ku Mtakataka. Pa msonkhano wathu wapitawu panabuka nkhani ya mafuta omwe akuti ali pansi pa nyanja, ndipo anthu anagawikana mpaka ena kutuluka. Asodzi ndi amayi ogula usipa akukana kwamtuwagalu. Achinyamata, makamaka a kabaza, akuti okanawo ndi odana ndi chitukuko, walira mvula walira matope. Ine ndiyenera kulemba maganizo a anthu a dera lathu kuti apite kukhonsolo. Ndilembe ati? Kodi okanawo ndi umbuli chabe, monga ena akunenera?

Yankho

Bambo mlembi, musalembe kuti anthu avomera, musalembenso kuti akana, chifukwa zonse ziwirizi n'kuwanamizira. Pa msonkhano wanuwo magulu awiri amayankha mafunso awiri osiyana. Wa kabaza amayankha lakuti, kodi mukufuna ntchito ndi petulo wosavuta kupeza? Msodzi amayankha lakuti, kodi mukulola kuti ndiwo ndi fizi ya ana anu ziikidwe pa chiswe? Mwa awiriwa mulibe mbuli.

Mikangano yotereyi imakula msanga poti ambiri amaganiza kuti mafutawo anapezeka kale, angotsala kutungidwa. Ayi. M'Malawi muno mulibe chitsime ngakhale chimodzi chomwe chikutulutsa mafuta. Chomwe chilipo ndi chiyembekezo cha akatswiri a miyala. Nyanja yathu ili m'chigwa chachikulu chomwe chinang'ambika kum'mawa kwa Africa, ndipo pansi pake pakhala pakuunjikana matope kwa zaka mamiliyoni. Asayansi a ku Duke University anaunika pansipo m'zaka za m'ma 1980. Mafuta atapezeka ku Uganda mu 2006, m'mbali mwa nyanja ya Albert yomwe ili m'chigwa chomwechi, makampani anayamba kuponya maso kuno. Boma linadula dziko m'magawo 6. Mu 2011 kampani ya Surestream ya ku Britain inapatsidwa magawo 2 ndi 3, mu 2012 SacOil ya ku South Africa inatenga gawo 1, ndipo mu 2013 RAK Gas inatenga magawo 4 ndi 5, a kummwera kwa nyanja mpaka cha ku Chilwa, pomwe Pacific Oil inatenga gawo 6 m'chigwa cha Shire. Chiphaso chofufuzira mafuta chomwe Surestream inapatsidwa mu 2011 ndichonso chinautsa mkangano wa malire ndi Tanzania mu 2012.

Kenako panachitika chinthu chomwe chinaononga chikhulupiriro cha anthu kuposa china chilichonse. Mu May 2014, kutangotsala masiku ochepa kuti chisankho chichitike, boma linasaina mapangano ogawana phindu ndi ena mwa makampaniwa, Amalawi osadziwa zomwe zalembedwamo. Boma lotsatira linaimitsa ntchito yonse kumapeto kwa chaka chomwecho kuti liunikenso ziphasozo, n'kudzailolanso mu 2016. Msodzi wa kwanuko mwina sangatchule zaka zimenezi, koma anamva pa wailesi, ndipo chinamukhalira mumtima n'chakuti za pansi pa nthaka zimakambidwa ku Lilongwe zitseko zili zotseka. Anamvanso za mgodi wa Kayelekera ku Karonga, womwe unatsegulidwa mu 2009 ndi malonjezo ambiri n'kuima mu 2014 mitengo ya uranium itagwa. Anzathu a ku Ntcheu ali ndi phiri la Chimwadzulu, komwe miyala yamtengo wapatali yakhala ikukumbidwa kwa zaka makumi angapo, ndipo funso lomwe limamveka m'midzi yozungulira ndi lomwelo: ife tapindulanji? Munthu amene waona zimenezi akamakayikira lonjezo latsopano, ndiye kuti akukumbukira.

Ndikhalitse pang'ono pa asodzi, chifukwa ndiwo amanyozedwa kawirikawiri pa misonkhano yotere. Tapitani pa gombe m'mamawa maboti akamabwera. Boti limodzi la chilimira lili ndi mwini zida, siginala wonyamula nyali, ndi alovi okoka khoka. Likangogunda mchenga, amayi afika kale ndi mabeseni. Wina akuwiritsa usipa, wina akuyanika pa thandala, mnyamata akugulitsa nkhuni, wina tiyi ndi zitumbuwa, wa kabaza yemweyo akudikira mtolo woti aufikitse pa msewu wa M5. Mawa lake usipa umenewo uli pa msika wa Golomoti, mkucha uli ku Bembeke ndi ku Lizulu, m'mbale ya munthu amene sanaionepo nyanja. Asodzi akamati "nyanja ndi munda wathu" akunena za unyolo wonsewu, ndipo amaudziwa kuposa mlendo aliyense wobwera ndi mapepala.

Mantha awo alinso ndi maziko m'sayansi. Nyanja ya Malawi ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira madzi, mtsinje wa Shire, ndipo madzi ambiri amachoka ngati nthunzi. Nthunzi sinyamula zoipa, zimatsalira momwemo. Kuti madzi onse a m'nyanjayi asinthike kudzera mu Shire pamafunika zaka mazana angapo. Mbali ya kummwera, komwe inu muli, ndi yosaya kuyerekeza ndi kumpoto komwe kuya kwake kumafika mamita pafupifupi 700, ndipo kosayako ndiko nsomba zimaswana kwambiri. Kutsidya kwa gombe lanu kuli Lake Malawi National Park, yomwe bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984 chifukwa cha mitundu mazanamazana ya nsomba zosapezeka kwina. Ngozi zikuluzikulu za zitsime sizichitika kawirikawiri, zimenezo n'zoona ndipo makampani sanama akamatero. Koma chitsime cha Deepwater Horizon chitaphulika ku Gulf of Mexico mu 2010, anthu 11 anafa ndipo mafuta anatuluka kwa masiku 87 asanachitseke. Kumeneko ndi ku America, zombo ndi zida zili pafupi. Kuno zida zotsekera chitsime zingadzere ku Nacala kapena ku Beira, kenako pa njanji kapena pa msewu, mwera uli kalikiliki kukankhira mafuta m'mabango.

Ngakhale popanda ngozi, usodzi umakhudzidwa. Pofufuza pa madzi, sitima imakoka zida zomwe zimaphulitsa mpweya mwamphamvu pakangopita masekondi angapo, kuti phokosolo likagunde miyala ya pansi n'kubwerera. Kafukufuku wa ku Norway m'zaka za m'ma 1990 anaonetsa kuti nsomba zogwidwa zinachepa kwa masiku angapo m'dera lomwe munachitika zimenezi. Ku Ghana, komwe anayamba kupopa mafuta ochuluka pa nyanja mu 2010, asodzi saloledwa kufika mamita 500 kuchokera pa nsanja yopopera, ndipo dandaulo lawo lalikulu n'lakuti magetsi a pa nsanjapo amakokera nsomba m'dera loletsedwalo. Siginala wa kwanuko safunika kumufotokozera zimenezi, ntchito yake ndi yokoka usipa ndi kuwala.

Achinyamata nawonso musawapeputse. Mnyamata amene wagona pa mzere wa pa filing'i siteshoni, kapena wagula petulo wa m'chigubu pa mtengo wowirikiza kuti njinga ya bwana isagone, akamva kuti pansi pathu pali mafuta mtima umadumpha, ndipo ndimamumvetsa. Tinaona kusowa kwa mafuta mu 2011 ndi 2012, tinakuonanso kuyambira 2022. Dziko lopanda ndalama zakunja silingangotaya mwayi osauyang'ana n'komwe. Koma pali zinthu ziwiri zomwe ayenera kuuzidwa mosabisa.

Choyamba, chotuluka m'chitsime si petulo. Ndi mafuta osayenga, ndipo Malawi alibe fakitale yoyengera. Nigeria inayamba kugulitsa mafuta kunja mu 1958, komabe kwa zaka zambirimbiri petulo wa m'galimoto zawo amagula kunja ndipo mizere imaoneka. Kwa anansi athu a ku Mozambique, gasi wa ku Pande ndi Temane wakhala akuyenda m'paipi ya makilomita 865 kupita ku South Africa kuyambira 2004, pomwe mabanja ambiri m'chigawo chomwecho akuphikirabe nkhuni ndi makala. Chomwe dziko limapeza ndi ndalama zolowa ku thumba la boma. Kuti ndalamazo zisanduke petulo pa Golomoti, zimadalira kayendetsedwe ka chuma, osati kuyandikira kwa chitsime.

Chachiwiri ndi ntchito. Pa nthawi yofufuza pamapezeka maganyu olambula njira, ulonda, kuphika, kuyendetsa galimoto, a miyezi yowerengeka. Pomanga pamalembedwa anthu ambiri, koma kumanga kukatha chitsime chimayendetsedwa ndi anthu ochepa a maphunziro apadera. Ku Turkana, kumpoto kwa Kenya, anthu anasangalala mafuta atapezeka mu 2012. Pofika October 2013 anthu omwewo anachita zionetsero mpaka kampani ya Tullow inayamba yaimitsa ntchito, nkhani yake yomweyi ya ntchito ndi makontirakiti opita kwa obwera. Nthawinso ndi yaitali. Mwana wobadwa ku Uganda chaka chomwe mafuta anapezeka anafika msinkhu womaliza sekondale dziko lake lisanayambe kugulitsa mafutawo kunja. Wa kabaza wa zaka 25 lero awerengere yekha.

Mwambi wa walira mvula walira matope womwe achinyamata anaponya uja ndi woona, koma uli ndi pobisalira. Umanena za munthu mmodzi, yemwe mvula ndi matope omwe zamugwera pakhomo pake. Pa nkhani ya mafuta, mvula imagwa kwina, matope kwina. Apa ndiye pagona maganizo a anthu kulikonse komwe kukukumbidwa. Ku America mwini malo akhoza kukhalanso mwini wa zomwe zili pansi pake, ndipo kampani imamupatsa gawo la zogulitsa, kawirikawiri limodzi mwa magawo 8 kapena kuposa. N'chifukwa chake alimi ambiri a ku Texas ndi Pennsylvania amalandira makampani ndi manja awiri, pomwe mnansi wopanda gawo, amene amangomva phokoso la malole n'kumadera nkhawa chitsime chake cha madzi akumwa, amadana nazo. Ngakhale kumeneko samvana: mwala womwewo womwe Pennsylvania imaswa kuti itulutse gasi, New York inaletsa kuuswa mwa njira imeneyo mu 2015. Kwathu kuno lamulo la mafuta la 1983, lomwe ziphaso zija zinaperekedwera, limati mafuta onse a pansi ali m'manja mwa mtsogoleri wa dziko m'malo mwa Amalawi onse. Mwini munda alibe gawo, amangolandira chipukutamisozi cha zomwe zaonongeka pamwamba. Kenya inaona vuto limeneli ndipo lamulo lawo la 2019 linagawa phindu la boma motere: 75 peresenti ku boma lalikulu, 20 ku chigawo, 5 kwa anthu a dera lomwe mafuta akutuluka. Anthu akhoza kutsutsana ngati 5 ndi yokwanira, koma yalembedwa.

Choncho musadabwe mlimi wa mbatata ya kachewere ku Bembeke akavomera msanga. Iye ali pamwamba pa phiri, mafuta otayika sangakwere kukamupeza. Mlimi wa mpunga mu sikimu ya Bwanje adzafunsa za madzi ndi za malo. Mayi wa usipa adzakana. Aliyense wawerengera bwino za pakhomo pake.

Dziwaninso kuti "inde" wa lero si wamuyaya. Ku Groningen, m'dziko la Netherlands, gasi anapezeka mu 1959 ndipo kwa zaka zambiri anali chonyadira cha dziko. Nthaka itayamba kugwedezeka, makamaka chivomezi cha 2012 chomwe chinang'amba makoma a nyumba, anthu a komweko anatembenuka. Chinawapweteka kwambiri n'chakuti madandaulo awo amachedwa kumvedwa, ndipo mapeto ake boma linatseka zitsimezo. Ku Uganda anthu opitirira 7,000 anasamutsidwa ku Kabaale, m'boma la Hoima, kuti pamangidwe fakitale yoyengera, ndipo ena anadikira zaka asanalandire chipukutamisozi kapena nyumba zatsopano. M'njira ya paipi ya mafuta yochokera ku Uganda kupita ku doko la Tanga ku Tanzania dandaulo lomwe lamveka kwambiri n'lakuti malo akangoyezedwa munthu amauzidwa kuti asamangepo kapena kubzala mbewu zokhalitsa, koma ndalama osabwera. Chomwe chimasandutsa ovomera kukhala okana nthawi zambiri si mafutawo, koma kudikira kotereku ndi kusayankhidwa.

Tsopano za udindo wanu, ndipo pano ndikupemphani mukhale tcheru. Misonkhano yofunsa anthu maganizo ili ndi kachitidwe komwe ndimadana nako. Galimoto zimafika dzuwa lili pamutu, nthawi yomwe asodzi ogwira usiku ali mtulo ndipo amayi ali pa thandala. Mipando ya kutsogolo ndi ya mafumu ndi alendo. Wina amalankhula Chingerezi, womasulira n'kufupikitsa. Kenako pepala limayenda kuti aliyense alembe dzina ndi kusaina, akuti n'cholandirira alawansi ndi zakumwa. Patapita miyezi, pepala lomwelo limapezeka kumapeto kwa lipoti ngati umboni wakuti anthu a dera anafunsidwa ndipo sanatsutse. Gogo amene anadinda chala kuti alandire ya sopo sanavomere chitsime. Pepala lililonse loyenda pa msonkhano muzilemba pamwamba pake kuti ndi la obwera chabe, osati la ovomereza.

Mafumu tiziwapatsa ulemu wawo, ndipo palibe mlendo ayenera kulowa m'dera la Inkosi Kachindamoto osagogoda. Koma kugogoda kwa mfumu si kufunsa anthu. Ku South Africa, asodzi ndi anthu a m'midzi ya ku Wild Coast anatengera kampani ya Shell kukhoti, ndipo mu December 2021 khoti la ku Makhanda linaimitsa ntchito yofufuza pa nyanja. Mu 2022 linagamula kuti anthu sanafunsidwe mokwanira. Zidziwitso zinaikidwa m'nyuzipepala zomwe anthu a kumudzi sawerenga, m'ziyankhulo zomwe si zawo, ndipo okambirana nawo anali mafumu akuluakulu okha. Kuteteza anthu pa mfundo imeneyi n'kutetezanso mfumu, chifukwa zinthu zikadzavuta chala chimaloza amene anasaina.

Pali china chomwe makampani obwera samachidziwa, ndipo inu muyenera kuchiika patsogolo. M'midzi yambiri ya Dedza ndi Ntcheu munda umayenda kuchikazi. Koma oyeza malo akafika amafunsa "mutu wa banja," n'kulemba dzina la mkamwini. Ndalama zikatuluka zimagwera m'manja mwa munthu amene si mwini nthaka, ndipo banja likatha mayi ndi ana amatsala opanda munda, opandanso ndalama. Mwini mbumba ndi mayi mwini munda akhalepo poyeza, ndipo dzina la mayiyo lilembedwe. Simukusowa kopita kukaphunzira: ku Golomoti kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 omwe anayamba kugwira ntchito mu 2022. Pitani mukacheze ndi mabanja omwe anapereka malo, akuuzeni zomwe zinayenda bwino ndi zomwe akanakonda zikanachitika mwina.

Mukandifunsa maganizo anga, sindibisa. Kuboola chitsime m'kati mwa nyanja, ndi zida zothana ndi ngozi zomwe dziko lathu lili nazo lero, ine sindingavomere. Chomwe tingataye n'chachikulu ndipo sichibwezeka, pomwe chomwe tingapeze sichinatsimikizike n'komwe. Shire yemweyo ndiye amayendetsa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndiponso amamwetsa mzinda wa Blantyre. Kufufuza pamtunda ndi nkhani ina yomwe tingakambirane, malinga mapangano ali poyera ndipo gawo la anthu a dera lalembedwa m'lamulo. Koma awa ndi maganizo anga, ndipo m'lipoti lanu asalowemo, monganso anu asalowemo.

Chomwe mulembe ndi ichi. Nenani kuti anthu sanagwirizane, ndipo tchulani magulu: asodzi ndi makomiti a m'magombe, amayi a geni ya nsomba, alimi a mpunga, achinyamata, eni minda. Pa gulu lililonse lembani chomwe likuopa ndi chomwe likufuna chitachitika kuti lisinthe maganizo. Mudzaona kuti okana ambiri akunena kuti "ayi, pokhapokha," ndipo ovomera ambiri akunena kuti "inde, malinga." Mawu otsatira pamenepo ndiwo khonsolo ikufunika kumva. Wachinyamata akati malinga ntchito zikhale zathu, mufunseni kuti zingati, za mtundu wanji, maphunziro ake ayambe liti ndipo alipire ndani. Msodzi akati pokhapokha atatilipira, mufunseni kuti olipidwa ndi mwini boti yekha kapena alovi ndi amayi oyanika omwe, popeza awa alibe chikalata chilichonse choonetsa kuti amadya za m'nyanja.

Muonjezere mafunso opita kwa bwanamkubwa ndi ku unduna woona za migodi. Chiphaso cha gawo lathu chili ndi kampani iti lero, ndipo chitha liti? Mgwirizano wake tingauwerenge kuti? Ndime iti ya lamulo ikupereka gawo kwa anthu a dera? Mafuta atatayika usiku, woyamba kufika ndani, ndi zida zochokera kuti, ndipo ndalama zokonzera zasungidwa kwa yani? Muli ndi pogwira pofunsa zimenezi. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito yotere isanayambe paunikidwe m'mene ikhudzire chilengedwe ndi miyoyo ya anthu, pansi pa bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA, ndipo pemphani kuti chidule cha lipotilo chidzabwere m'Chichewa, chidzawerengedwe pa gulu. Malawi analowanso mu 2015 m'bungwe la EITI, lomwe mayiko ake amalonjeza kuulula zomwe makampani a migodi ndi mafuta amalipira ku boma.

Musanatumize, muwerengereni gulu lililonse zomwe mwalemba m'dzina lake kuti likonze pomwe mwaphonya. Amene anatuluka pa msonkhano aja musawaitanenso kubwalo lomwe anachokapo atakwiya. Atsatireni kugombe, madzulo asanalowe m'madzi, ndipo amayi mukhale nawo paokha, chifukwa pamaso pa apongozi ndi mafumu ambiri a iwo sadzatsegula pakamwa.